ZA KUNO NDI ZA KUTALI: Moto wa ku Persia pa Cishango ca Mlendo

Mlimi wa ku Lukusuzi akagulitsa nshawa kapena thonje lake, maso ake amathamangira pa nambala yolembedwa pa ndalama. Ndi owerengeka amene amaima pang'ono kuti apenyetsetse cithunzi ca Boma cimene ciri pa ndalama yomweyo, ngakhale kuti cimalowa ndi kutuluka m'nyumba iriyonse. Cithunzi cimeneci ndi kalata yolembedwa ndi zifanizo, ndipo ngakhale nkhalamba imene sinapondeko ku sukulu ingathe kuiwerenga bwino lomwe.

Pakati pake pali cishango cakuda, ndipo pa cishangoco patsika mizere yoyera isanu ndi umodzi yokhotakhota. Amenewo ndi madzi a Mosi-oa-Tunya akugwa pa thanthwe lakuda. Pamwamba pali khasu ndi piki zopingasana, ndipo pamwamba pa izo pali nkhwazi yotambasula mapiko. Mwamuna ndi mkazi agwirizira cishango uku ndi uku. Pansi pa mapazi ao pali cimanga, nsanja ya pa mgodi, ndiponso mbidzi yoimira nyama za m'chire, zimene Boma lizisunga m'malo onga nkhalango ya Lukusuzi, imene inakhala paki ya dziko m'caka ca 1972. Cizindikiro cimeneci cinayamba nchito pa 24 October, 1964, tsiku la ufulu. Mizere ya madzi ija inacokera pa cizindikiro ca Northern Rhodesia, pamene nkhwazi inali m'kati mwa cishango, itagwira nsomba. Pa ufulu nkhwaziyo inaturutsidwa niikidwa pamwamba pa zonse.

Dziko likamajambula mbiri yake silibvutika kusankha, pakuti mitsinje ndi mapiri ake ziri pamalo amodzi. Nanga munthu amene makolo ake anacokera kutsidya la nyanja, koma iye wamanga, walima ndi kubala ana m'dziko lina, adzajambula ciani? Akajambula za kwao kwakale, eni mudzi adzati mtima wake suli pano. Akajambula za kwao kwatsopano zokhazokha, mizimu ya makolo idzati waitaya. Sabata ino danga lino likusimba za anthu atatu a mtundu wocokera ku Persia, ndi mmene aliyense wa iwo anayankhira funso limeneli pa cishango cake.

CIYAMBI CA ZISHANGO ZA ULEMU

Mwambo wojambula mbiri ya munthu pa cishango unakula ku Ulaya m'zaka za m'ma 1100. Ankhondo a masiku amenewo anali kubvala zisoti za citsulo zobisa nkhope, kotero kuti pa nkhondo kapena pa masewera a akavalo kunali kobvuta kusiyanitsa mnzako ndi mdani. Motero aliyense anayamba kupaka cizindikiro cake pa cishango, wina mkango, wina ciombankhanga, wina mtanda. Mwini akamwalira, mwana anali kutenga cizindikiro ca atate ake, ndipo cimene cinayamba ngati cida ca nkhondo cinasanduka dzina la banja.

Akapaso a mafumu, amene nchito yao inali kunyamula mauthenga ndi kulengeza maina a ankhondo, ndiwo anali kusunga m'mabuku mwini wa cizindikiro ciriconse. Ku England Mfumu Richard III inawakhazikitsa akapasowo ngati bungwe m'caka ca 1484, ndipo bungwelo, lochedwa College of Arms, likali kugwira nchito mu London. South Africa inatsegula ofesi yake yotere mu 1963, ndipo Canada inatsatira mu 1988.

Luso limeneli liri ndi malamulo ake. Lalikulu ndi lakuti golidi ndi siliva, zimene pojambula zimaoneka zacikasu ndi zoyera, siziikidwa cimodzi pa cinzake; cimodzimodzinso cofiira, cakuda, cobiriwira ndi ca mtundu wa thambo sizisanjikizana. Cowala ciyenera kukhala pa cozama, kapena cozama pa cowala, kuti cizindikiro cioneke patali. Owerenga akatenga ndalama adzaona kuti cishango ca Zambia cinasunga lamuloli: madzi oyera pa thanthwe lakuda. Pamwamba pa cishango pamakhala cifanizo cina ca pa cisoti, ndipo pansi pake pamalembedwa mau acidule amene mwini akufuna kudziwika nao.

Zimenezi si zacilendo kwenikweni kwa anthu a ku Lundazi. Mfunda ndi cishango ca pakamwa. Munthu akati ndine Phiri, Banda, Mwale, Nyirenda kapena Jere, wanena kale kumene anacokera ndi amene ali abale ake. Angoni a Zwangendaba, amene anaoloka Zambezi mu November 1835 tsiku limene dzuwa linadetsedwa, anabwera ndi zishango za cikopa ca ng'ombe kucokera kumwera. Nkhondo zinatha kalekale, koma cishango cikaturuka pa Nc'wala ku Mtenguleni cimanenabe kuti eni ake anayenda ulendo wautali asanakhale eni dziko.

ANTHU AMENE ANANYAMULA MOTO

Persia ndi dziko limene kuyambira 1935 maiko ena alichula kuti Iran. Kale linali ufumu waukulu, ndipo owerenga Baibulo amadziwa maina a mafumu ake, Koresi ndi Dariyo. Cipembedzo cacikulu ca dzikolo cinali ca mneneri Zarathustra. Otsatira ake amapembedza Mulungu mmodzi amene amamuchula Ahura Mazda, ndipo ciphunzitso cao cimaima pa miyendo itatu ngati mafuwa: kuganiza zabwino, kulankhula zabwino ndi kucita zabwino. Popemphera amayang'ana kuwala, dzuwa usana, moto kapena nyale usiku. M'nyumba zao zopemphereramo muli ciwiya cacikulu ca citsulo conga mbaula ya mwendo umodzi, ndipo ansembe amasonkhezera motowo ndi nkhuni zouma ndi zonunkhira kuti usazime. Iwo amati sapembedza moto weniweniwo ai. Moto ndi cizindikiro ca kuyera ndi coonadi ca Mulungu.

Ankhondo a Aarabu anagonjetsa Persia, ndipo mfumu yotsiriza ya cipembedzo cakaleco, Yazdegerd III, inaphedwa m'caka ca 651. Pang'onopang'ono dziko linalowa Cisilamu. Pakati pa zaka za m'ma 700 ndi za m'ma 900, kagulu ka amene anakana kusiya cipembedzo ca makolo kanakwera zombo nikakoceza pa gombe la Gujarat, kumadzulo kwa India, pa malo ochedwa Sanjan. Amwenye anawacha Aparsi, ndiko kuti anthu a ku Persia.

Aparsi amasimbira ana ao nthano ya tsiku limenelo. Akuti mfumu ya pamalopo, Jadi Rana, inatumiza kwa alendowo cikho codzaza ndi mkaka mpaka m'milomo, kutanthauza kuti dziko ladzala, malo palibe. Wansembe wamkulu wa alendo anatenga shuga pang'ono nathira mu mkakamo mosamala, osatayikira ngakhale dontho, nabweza cikho kwa mfumu. Mfumu inamva: alendowa adzasungunuka pakati pa eni dziko, sadzasefukiritsa, koma adzatsekemeretsa. Mbiri yao, imene inalembedwa mu 1599, imati mfumu inawapatsa malamulo: alankhule cinenero ca dzikolo, akazi ao abvale monga akazi a kumeneko, amuna atule zida, ndipo maukwati azicitika dzuwa litalowa. Anabvomera zonse. Cimene sanasiye ndi moto. Anayatsa moto wopatulika umene anaucha Iranshah, kutanthauza mfumu ya Iran, ngati kuti m'malo mwa mfumu imene inatayika, ndipo motowo ukusungidwabe m'tauni ya Udvada. Aparsi sanacurukepo, pa kalembera wa India wa 1971 anali oposa 90,000, ndipo pa wa 2011 anali osakwana 60,000.

DZUWA PA MAPIRI A BOMBAY

Woyamba wa anthu atatu aja ndi Jamsetjee Jejeebhoy, amene anabadwa mu 1783 ku Bombay, mzinda umene lero uchedwa Mumbai. Anakhala mwana wamasiye ali ndi zaka 16, nayamba nchito kwa amalume ake ogulitsa mabotolo opanda kanthu. Pambuyo pake anayamba maulendo a malonda opita ku China. Pa ulendo wina, mu 1805, combo cimene anakwera cinagwidwa ndi Afalansa, ndipo iye anakatulidwa ku Cape, kumwera kwa Africa, atataya katundu wake. Sanafooke. Pomafika zaka za m'ma 1830 anali mmodzi wa anthu olemera koposa mu India, mwini zombo zake.

Cuma cake cinamanga cipatala cacikulu ca J.J. Hospital, cimene cinatsegulidwa mu 1845, ndi sukulu ya zojambula ya J.J. School of Art ya mu 1857. Mkazi wake Avabai analipira msewu wa pa madzi wa ku Mahim, umene unatha mu 1845, cifukwa anthu anali kumira pooloka ndi mabwato m'nyengo ya mvula. Anaika lamulo lakuti wooloka asalipitsidwe kanthu. Mfumukazi Victoria inampatsa ulemu wa Sir mu 1842, ndipo mu 1857 inamkweza kukhala baroneti, ulemu umene umatsikira kwa ana ngati colowa. Anali munthu woyamba wa ku India kulandira maulemu awiriwa. Lamulo linakonzedwa lakuti aliyense wolowa m'malo mwake azitenganso dzina lake, monga mmene wolowa ufumu wa Mwase kapena wa Mpezeni amalowera dzina. Anamwalira mu 1859.

Pa cishango cake, m'munsi muli mapiri a kufupi ndi Bombay, ndipo kuseri kwa mapiriwo kukuturuka dzuwa. Pamwamba pali njuci ziwiri zikuuluka. Pa cisoti pali pikoko, mbalame ya mcira wa maangamaanga, itanyamula ngala ya dzinthu kukamwa. Mau a pansi pake amanena za khama pa nchito ndi kuolowa manja.

Amene anafotokoza cishangoci m'masiku amenewo anati njuci ndi khama, ngala ndi cifundo codyetsa anjala, ndipo dzuwa ndi munthu wolawirira ku nchito amene kuwala ndi kutentha kwake kumafikira onse. Mngelezi anawerenga comweco nakhutira. Koma Mparsi amene amaimirira m'mamawa kuyang'ana kum'mawa popemphera sakanaona dzuwa limenelo ngati cizindikiro ca khama cabe. Nthaka ya pa cishango ndi ya India, kuwala kumene kukugwa pa nthakayo ndi kwa pemphero la makolo a ku Persia. Ngakhale pikoko amakhudza maiko onse awiri: ndi mbalame ya ku India, imene dzikolo linaisankha kukhala mbalame ya mtundu mu 1963, komanso mpando wacifumu wochuka wa pikoko unalandidwa ku Delhi ndi Nader Shah mu 1739 nupita ku Persia, kumene dzina lake linasanduka dzina la ufumu wa kumeneko. Pa cishango cimeneci shuga wasungunuka ndithu mu mkaka: saoneka, koma wodziwa amamlawa.

Komabe akulu anati cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mbali yaikulu ya cuma ca Jejeebhoy inacokera ku malonda a opiamu, mankhwala oledzeretsa amene anali kugulitsidwa ku China mosemphana ndi lamulo la mfumu ya kumeneko. Mnzake wamkulu pa malondawo anali William Jardine, amene anakumana naye m'combo cogwidwa cija. Opiamu anaononga mabanja osawerengeka, ndipo China poyesa kuletsa malondawo inamenyedwa ndi Britain pa nkhondo ya 1839 mpaka 1842. Pa cishango pali njuci, koma duwa limene njucizo zinatapako uci palibe. Cishango cimanena cimene mwini akufuna kuti akumbukiridwe naco, ndipo wowerenga wanzeru amafunsanso cimene casiyidwa.

MBAULA ZITATU NDI NANGULA

Waciwiri ndi Dinshaw Maneckji Petit, amene anabadwa mu 1823 namwalira mu 1901. Dzina lakuti Petit ndi liu la Cifalansa lotanthauza wamng'ono; amalonda a ku France ndiwo anacha comweco kholo lina la banjali cifukwa ca msinkhu wake, ndipo dzina la ciphwete linakhazikika. Iye analemera ndi mafakitale opota ndi kuomba thonje mu Bombay, nakhala baroneti mu 1890.

Petit sanabise kanthu. Cishango cake nca mtundu wa thambo, ndipo pakati pake padutsa mzere woyera wopindika ngati mitengo iwiri ya denga yokumana pamwamba. Pa mzerewo pali njuci zitatu. Kuzungulira mzerewo pali ziwiya zitatu za siliva, ndipo m'ciwiya ciriconse mukuturuka malawi a moto. Mparsi aliyense anazindikira pomwepo mbaula za m'nyumba yopemphereramo. Pa cisoti pali combo ca matanga ciri pa nyanja, ndipo patsogolo pake pagona nangula.

Combo cimayenera munthu wamalonda wa pa doko, koma cimakumbutsanso mmene makolo ake anafikira ku Sanjan. Nangula ndi citsulo cimene amalinyero amaponya pamene ulendo watha. Motero pa cishango cimodzi pali cikhulupiriro ca ku Persia, nchito ya ku Bombay, ndi kalembedwe ka ku London kumene ulemuwo unacokera, ndipo palibe cimene cikukankha cinzake.

Kukumbukira kwao sikunathere pa utoto. Abale ao amene anatsala ku Persia anali mu umphawi, akulipira msonkho wapadera umene unali kuikidwa pa anthu osakhala Asilamu. Mu 1854 Aparsi a ku Bombay anasonkha ndalama natuma Manekji Limji Hataria kuti akawathandize. Anatsegula masukulu, nadandaulira mfumu zaka zambiri, mpaka msonkhowo unacotsedwa mu 1882. Panali patapita zaka pafupifupi cikwi cicokere makolo ao, koma mbale ya ndiwo inabwererabe kumudzi.

MWANA WA KU ZANZIBAR

Wacitatu anabadwira mu Africa muno. Gombe la kum'mawa kwa Africa linadziwana ndi Persia kuyambira kale. Mbiri ya mzinda wa Kilwa ku Tanzania imati mafumu ake oyamba anacokera ku Shiraz, ndipo anthu ambiri a pa zisumbu za Zanzibar ndi Pemba amadzicha Ashirazi. M'zaka za m'ma 1800 Aparsi a ku India anafikanso ku Zanzibar kudzagwira nchito za ukalaliki, udokotala ndi zomangamanga, namanga nyumba yao ya moto.

M'banja lina la iwo munabadwa Farrokh Bulsara pa 5 September, 1946. Atate ake anali wosunga ndalama m'Boma la atsamunda. Mu January 1964, caka comwe Zambia inalandira ufulu, ufumu wa Sultani unagwetsedwa ndipo anthu ambiri a mtundu wa Aarabu ndi Amwenye anaphedwa kapena kuthawa. Cipani cimene cinatenga Boma cinali Afro-Shirazi Party, dzina limene mwa ilo lokha limalumikiza Africa ndi Persia. Koma dzina silinateteze banja la Ciparsi, ndipo linathawira ku England. Kumeneko mnyamatayo anaphunzira luso la zojambula ku Ealing, nasintha dzina kukhala Freddie Mercury, nakhala woimba wamkulu wa gulu la Queen, limene nyimbo zake zinamveka pa mawailesi a dziko lonse lapansi.

Iye mwini anajambula cizindikiro ca gululo. Sicinaperekedwe ndi akapaso a ku London, koma anacikonza cofanana kwambiri ndi cishango ca banja lacifumu la Britain. Pakati pali cilembo ca Q ndi cisoti cacifumu m'kati mwake. Mikango iwiri yagwirizira uku ndi uku, pamwamba pali nkhanu, ndipo m'mbali muli tiakazi tiwiri ta mapiko ta m'nthano. Zonsezi zikuimira nyenyezi za miyezi imene oimba anaiwo anabadwa. Pamwamba pa zonse patambalala mbalame ya m'nthano imene akuti imapsa ndi moto niukanso m'phulusa lake.

Pa cizindikiro cimeneci palibe mbaula, palibe Zanzibar, palibe India. Mnyamata wothawa kwao, wofika m'dziko limene alendo akhungu lofiirira anali kunyozedwa, anabvala cobvala ca eni dziko kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Koma pamene anamwalira pa 24 November, 1991, ansembe a cipembedzo ca Zarathustra ndiwo anatsogolera mapemphero a maliro ake m'cinenero cakale ca ku Persia. Cimene sicinalembedwe pa cishango cinaonekera pa maliro. Ndipo mu 2019 ku Zanzibar kunatsegulidwa nyumba yosungiramo mbiri yake.

MKANGO NDI DZUWA

Pali cizindikiro cina cimene ico cokha cinasanduka mlendo. Kwa zaka mazana ambiri Persia inali kudziwika ndi mkango wokhala ndi dzuwa loturukira pamsana pake, ndipo pambuyo pake mkangowo unapatsidwa lupanga. Mfumu Fath Ali Shah inakhazikitsa mendulo ya ulemu ya dzina limeneli mu 1808, ndipo mu 1929 maiko anabvomereza mkango ndi dzuwa zofiira kukhala cizindikiro ca othandiza obvulala, pamodzi ndi mtanda wofiira ndi mwezi wofiira. Ufumu utagwa mu 1979, Boma latsopano linacotsa cizindikiroco pa mbendera mu 1980. Ambiri a ku Iran amene anasamukira ku Ulaya ndi ku America anapita naco, ndipo amacionetsabe m'nyumba ndi pa misonkhano yao. Anthu a m'malire angaonenso kuti cishango ca Malawi naconso ciri ndi mkango ndi dzuwa loturuka, pa zifukwa zake zosiyana. Cifanizo cimodzi cimalankhula zinenero zambiri, ndipo nkofunika kufunsa mwini asanaweruzidwe.

KUBWERERA KU LUNDAZI

Dera lino liri ndi zishango zake za alendo, ngakhale kuti sizinapakidwe pa cikopa. Pa Boma la Lundazi paimirira nyumba ya njerwa ya nsanja zozungulira, imene Bwana D.C. Errol Button anamangitsa pakati pa 1948 ndi 1952 potsanzira malinga akale a ku Ulaya. Maonekedwe ndi a kwao kwa mzunguyo, koma dothi la njerwa ndi manja amene anaziumba nza pompano, ndipo lero anthu a ku Lundazi amaichula ngati yao. Amwenye amene anatsegula masitolo ku Fort Jameson, imene tsopano ndi Chipata, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, anacokera ku Gujarat komwe kuja kumene Aparsi anakocezako. Ku Chisamba kuli sukulu ya atsikana ya Banani, yotsegulidwa mu 1993, imene inachedwa dzina la Musa Banani, wa cipembedzo ca Baha'i, amene anacoka ku Tehran mu 1951 nakakhala ku Kampala mpaka imfa yake mu 1971. Ndipo Acewa eni ake amasimba kuti makolo ao anacokera ku Uluba, m'dziko la Congo. Dzina lao lakale, Amaravi, ambiri amalimasulira kuti anthu a malawi a moto.

Nkhani imeneyi si ya zithunzi zokha. M'midzi ya kufupi ndi Lusuntha muli mabanja amene munda uli ku Zambia, manda a agogo ali ku Malawi. Mau akuti uyu si wa kuno amaturuka msanga pakabuka mkangano wa munda, wa unyakwawa kapena wa masankho. Mauwa sanasiye ngakhale Mtsogoleri woyamba wa dziko lino. Dr Kenneth Kaunda anabadwira ku Lubwa, m'boma la Chinsali, mu 1924, kwa makolo ocokera ku Nyasaland. Ndiye anaphunzitsa mtundu mau a pansi pa cishango ca Zambia, One Zambia One Nation. Koma mu 1996 malamulo a dziko anasinthidwa kuti wofuna Utsogoleri akhale wa makolo onse awiri a m'dziko lino, ndipo iye anatsekeredwa kunja kwa masankho a caka cimeneco. Panapita zaka makumi awiri kuti lamulo limenelo licotsedwe. Malamulo a 2016 analicotsa, nalolanso nzika ya Zambia kukhala ndi unzika wa dziko lina.

Zishango zitatu za Aparsi zikuonetsa kuti mlendo ali ndi njira zingapo. Jejeebhoy anaika nthaka yatsopano poyera nasiya zakale ziwale mwakacetecete. Petit anaika mbaula za makolo pamaso pa onse, naponya nangula pomwepo. Mercury anabisa zonse, koma zinamlondola kufikira tsiku lotsiriza. Mwa atatuwa palibe amene anakhoza kuzimitsa moto wa kwao, ndipo palibe amene motowo unamletsa kutumikira dziko limene anakhalamo. Cipatala ca ku Mumbai cikucizabe odwala a mitundu yonse, osafunsa kumene makolo a womanga anacokera. Pamene pali mlandu, monga wa opiamu, mlanduwo ndi wa nchito za munthuyo, ndipo eni dziko a mitundu ina analowa nao malonda omwewo.

Kwa eni mudzi, muyeso wa mlendo ukhale cimene wathira mu mkaka: kodi amalima, amafika pa maliro, amaturuka pa nchito youmba njerwa za sukulu, amalemekeza mfumu ya pamalo? Akacita izi, nyimbo ya kwao imene amaimba pa mtondo, kapena cinenero cimene amalankhula ndi ana ake madzulo, sizilanda kanthu kwa munthu. Paja mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kwa mlendo, malamulo a Jadi Rana akali ndi nzeru: aphunzire cinenero, atule zida, alemekeze mwambo wa eni nthaka, ndipo asacite manyazi ndi mfunda wake.

Aphunzitsi a m'masukulu a ku Chikomeni, Mwase ndi Lumezi angayese nchito iyi ndi ana ao. Mwana aliyense ajambule cishango pa pepala, acigawe pawiri, mbali imodzi aikepo ca kumene agogo ake anacokera, mbali ina ca pamene iye akukhala, ndipo pansi alembepo mau atatu kapena anai amene banja lake lingaime nao. Kuti adzaze mbali yoyambayo adzayenera kukakhala pansi ndi agogo madzulo ndi kufunsa. Makolo ambiri adzadabwa kuona kuti m'kalasi lonse mulibe mwana amene mbali imeneyo yakhala yopanda kanthu.

Mai akamasamukira pa mudzi watsopano amapala makala a moto pa phale, nawanyamula mosamala m'njira kuti mphepo isawazime. Akafika amatola nkhuni za pamalopo nasonkha. Nsima ikapsa, palibe amene amafunsa ngati yapsa ndi moto wakale kapena ndi nkhuni zatsopano, ndipo mnansi amene moto wake wazima usiku amabwera m'mamawa kudzapala pomwepo.